Permutation kapena combination: samu ikafuna kuti muwerenge njira, muyambire pati?

Funso

Aphunzitsi, ine ndimaphunzira masamu madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo mutu wa permutation ndi combination wandiimitsa mutu. Mafomula onse awiri ndinawaloweza, pa kakyuleta ndimadziwanso podina. Vuto limabwera ndikaona funso, sindidziwa ngati pakufunika nPr kapena nCr. Sabata yatha anatipatsa samu yoti tisankhe komiti ya anthu 4 kuchokera mwa amayi 6 ndi abambo 5, koma m'komitimo musalephere kukhala bambo. Ine ndinapeza 600, koma yankho lolondola akuti ndi 315. Ndinaphonya pati? Ndine mayi wa ku Mchinji.

Yankho

Zikomo mayi, ndipo mwachita bwino kutiuza nambala yomwe munapeza. 600 ameneyo simunamulote. Ali ndi komwe akuchokera, ndipo tikafika pa samu yanuyo muona kuti munatsala pang'ono. Koma poyamba ndikupempheni kuti mafomula aja muwaike kaye pambali, chifukwa munthu amene wayamba ndi kudzifunsa kuti "nPr kapena nCr?" wayambira pakati pa ulendo.

Masamu onsewa atsamira pa mfundo ziwiri zosavuta. Tinene kuti pamalo ogulitsira chakudya pali ndiwo zankhuli mitundu 3 ndi zamasamba mitundu 4. Ngati ndalama zanu zikukwanira ndiwo imodzi yokha, yankhuli kapena yamasamba, muli ndi njira 3 + 4 = 7. Ngati mutenge yankhuli imodzi ndi yamasamba imodzi, pa ndiwo yankhuli iliyonse pali masamba 4 oti mutsatize, ndiye njira zake ndi 3 × 4 = 12. Pamene mukuchita ichi kenako icho, mumachulukitsa. Pamene mukuchita ichi kapena icho, ndipo ziwirizo sizingachitikire pamodzi, mumaphatikiza.

Tsopano taganizani za gulu la banki m'khonde la anthu 10 lomwe likusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo palibe wotenga maudindo awiri. Jambulani mabokosi atatu papepala, lililonse mulilembe dzina la udindo. M'bokosi la wapampando mungalowe aliyense mwa anthu 10. Mmodzi akalowa, otsala ndi 9 a bokosi la mlembi, kenako 8 a bokosi la msungichuma. Tikachulukitsa, 10 × 9 × 8 = 720. Imeneyi ndiyo permutation, nPr, pomwe n ndi anthu onse ndipo r ndi osankhidwa. Apa ndi 10P3, ndipo taipeza popanda fomula.

Gulu lomwelo lamva kuti mnzawo wagonekedwa m'chipatala, ndipo lagwirizana zotuma anthu atatu kukamuzonda. Anthu ndi 10 omwe aja, osankhidwa ndi atatu ngati poyamba, koma yankho silingakhale 720. Titchule atatu ena kuti A, B ndi C. Pa mndandanda wa 720 uja, atatuwa akupezekapo kasanu ndi kamodzi: ABC, ACB, BAC, BCA, CAB ndi CBA. Posankha maudindo, zisanu ndi chimodzizi zinali zosiyanadi, chifukwa A kukhala wapampando n'kosiyana ndi A kusunga ndalama. Koma popita kuchipatala, ndi anthu atatu omwewo atanyamula basiketi imodzi ya chakudya. Gulu lililonse la atatu taliwerenga ka 6, choncho tigawe: 720 ÷ 6 = 120. Imeneyi ndiyo combination, nCr, apa ndi 10C3.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Combination ndi permutation yomwe mwaigawa ndi nambala ya maulendo amene mwawerenga chinthu chimodzimodzi mobwereza. Mukaimvetsa mfundo imeneyi, masamu ena onse a mutuwu amasanduka funso limodzi: kodi chinthu chilichonse ndachiwerenga kangati?

Ndiye mukaona funso, chitani izi. Lembani yankho limodzi lotheka, lenileni, ndi mayina kapena zilembo. Kenako sinthanitsani malo a awiri mwa amene mwasankhawo. Ngati chatuluka ndi chinthu china, malo ndi ofunika, ndipo mukusanja: permutation. Ngati palibe chasintha, mukungosankha: combination. Kuyesa kumeneku sikutha ndi theka la mphindi.

Ophunzira ambiri amauzidwa kuti akaona mawu akuti "arrange" adine nPr, akaona "select" kapena "choose" adine nCr. Langizo limeneli sindigwirizana nalo, chifukwa limagwira pa mafunso ophweka okha, pa ovuta limakugwetsani m'mbuna. Funso likhoza kunena kuti musankhe kaputeni ndi wachiwiri wake mwa osewera 11. Mawu ndi osankha, koma mukawasinthanitsa awiriwo, wachiwiri wasanduka kaputeni. Yankho ndi 11 × 10 = 110, osati 55.

Mpira wa manja umaonetsa bwino mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi wa timu ali ndi osewera 12, m'bwalo mumalowa 7. Akangofuna kudziwa kuti ndani ayambe ndipo ndani akhale panja, njira ndi 12C7 = 792. Koma m'bwalo muja aliyense amavala chizindikiro cha malo ake, GS, GA, WA, C, WD, GD kapena GK. Tikayerekeza kuti aliyense angathe kusewera paliponse, njira zogawira malowo ndi 12 × 11 × 10 × 9 × 8 × 7 × 6 = 3,991,680. Gawani nambala imeneyi ndi 5,040, yomwe ndi njira zosanjira anthu 7, mubwerera pa 792. Chimodzimodzinso ligi ya mpira wa miyendo ya ku England, ya matimu 20: timu iliyonse imakumana ndi inzake kwawo ndi koyenda, ndiye amene ali pakhomo ndi wofunika, ndipo masewero onse ndi 20 × 19 = 380. Akanati azikumana kamodzi kokha, akanakhala 190.

Za mafomula tingodutsamo, poti munawaloweza kale. Chizindikiro cha n!, chotchedwa factorial, chomwe anayamba kuchigwiritsa ntchito ndi Christian Kramp wa ku France m'chaka cha 1808, chimangotanthauza kuchulukitsa manambala onse kuyambira n kutsika mpaka 1. Fomula ya nPr = n! ÷ (n − r)! ndi mabokosi aja: (n − r)! wapansiyo amangodula mchira wa manambala omwe simunawafike. Ya nCr imawonjezera kugawa ndi r!. Ndipo 0! ndi 1, osati 0, chifukwa kusankha anthu onse 10 mwa anthu 10 kuli ndi njira imodzi, ndipo fomula imatulutsa 1 ameneyo pokhapokha 0! akakhala 1. Mukamawerengera pamanja musamachulukitse factorial yense. Pa 12C7 kumbukirani kuti kusankha 7 olowa m'bwalo n'chimodzimodzi kusankha 5 otsala panja, choncho 12C7 = 12C5 = 12 × 11 × 10 × 9 × 8 ÷ 120 = 792.

Pali funso lina loti muzidzifunsa musanadine kalikonse: kodi chinthu chikasankhidwa, chingasankhidwenso? Nambala yachinsinsi ya manambala anayi, monga ija ya pa khadi la kubanki, imalola 7 7 7 7. Bokosi lililonse lili ndi manambala 10 oti musankhepo, ndiye 10 × 10 × 10 × 10 = 10,000. Apa nPr ndi nCr onse sakugwira ntchito, agwira ndi mabokosi okha. Funso likaletsa kubwereza nambala, m'pamene mumapeza 10 × 9 × 8 × 7 = 5,040.

Tibwere ku komiti yanu. Ndikukhulupirira kuti munaganiza motere: poti bambo sayenera kusowa, ndiyambe ndasankha bambo mmodzi, njira 5. Atsala anthu 10, ndisankhemo atatu aliwonse, 10C3 = 120. Kenako 5 × 120 = 600. Maganizowa amaoneka olongosoka kwambiri, n'chifukwa chake amakola anthu ochuluka, ngakhale odziwa masamu.

Chenjezo loyamba linali pafupi. Makomiti onse a anthu 4 omwe angatuluke mwa anthu 11, popanda lamulo lililonse, ndi 11C4 = 330. Lamulo limachepetsa njira, siliwonjezera. Yankho lililonse loposa 330 ndi lolakwa musanayang'ane n'komwe momwe lapezekera. Chizolowezi chowerengera kaye chiwerengero chonse chopanda lamulo chimapulumutsa malikisi ambiri.

Nanga 600 wachokera kuti? Tengani komiti iyi: bambo A, bambo B, mayi X ndi mayi Y. Mu njira yanu ija, komitiyi inatuluka pamene munayamba ndi bambo A, kenako n'kutenga B, X ndi Y mwa otsala. Inatulukanso pamene munayamba ndi bambo B, n'kutenga A, X ndi Y. Komiti ndi imodzi, koma yawerengedwa kawiri. Mosadziwa, munapanga udindo wa "bambo woyamba kusankhidwa" womwe mu funso mulibe. Komiti ya abambo atatu munaiwerenga katatu, ya abambo anayi kanayi.

Njira yolondola yoyamba ndi kugawa samuyo m'magulu osalowererana. Bambo mmodzi ndi amayi atatu: 5C1 × 6C3 = 5 × 20 = 100. Abambo awiri ndi amayi awiri: 10 × 15 = 150. Abambo atatu ndi mayi mmodzi: 10 × 6 = 60. Abambo anayi okhaokha: 5. Tikaphatikiza, 100 + 150 + 60 + 5 = 315. Onani kuti m'kati mwa gulu lililonse tachulukitsa, chifukwa ndi abambo ndi amayi, koma pakati pa magulu taphatikiza, chifukwa ndi gulu ili kapena ilo.

Tsopano chulukitsani gulu lililonse ndi maulendo omwe munaliwerenga: 100 kamodzi, 150 kawiri, 60 katatu, 5 kanayi. Zikupereka 100 + 300 + 180 + 20 = 600. Nambala yanu ija ndi imeneyo, ndendende.

Chomwe chimapangitsa cholakwachi kukhala choopsa n'chakuti simungachikonze pongogawa ndi nambala imodzi, monga tinachitira ndi 720 ÷ 6. Kugawa kumatheka pokhapokha chinthu chilichonse chawerengedwa maulendo ofanana. Apa ena awerengedwa kamodzi, ena kawiri, ena kanayi.

Njira yachiwiri ndi yachidule, ndipo ndi yomwe ndingakulimbikitseni pa mayeso mukaona mawu akuti "at least one", kutanthauza mmodzi kapena kuposerapo. Werengani makomiti onse, muchotsepo osafunikawo. Osafunika ndi opanda bambo ngakhale mmodzi, amayi okhaokha: 6C4 = 15. Ndiye 330 − 15 = 315. Mizere iwiri basi. Nthawi ikakhalapo chitani njira zonse ziwiri, zikagwirizana mtima ukhale pansi.

Mfundo yomweyi ya kuwerenga mobwereza ndi imene ili kuseri kwa masamu a zilembo. Mawu akuti MALAWI ali ndi zilembo 6. Zikanakhala zosiyana zonse, njira zozisanjira zikanakhala 6! = 720. Koma A alimo awiri, ndipo mukawasinthanitsa, diso siliona kusintha kulikonse. Kasanjidwe kalikonse kawerengedwa kawiri, yankho ndi 360. Mu BALAKA muli A atatu, ogawira ndi 3! = 6, osati 3, ndipo yankho ndi 120. Ambiri amagwa pamenepa. NKHOTAKOTA ali ndi zilembo 10, momwe K, O, T ndi A chilichonse chikupezeka kawiri. Ogawira ndi 2 × 2 × 2 × 2 = 16, osati 8, ndiye 3,628,800 ÷ 16 = 226,800.

Anthu 6 akakhala mozungulira tebulo la mipando yopanda manambala, aliyense atasendera mpando umodzi kumanja, woyandikana naye sasintha. Kakhalidwe kalikonse kawerengedwa ka 6, ndiye 720 ÷ 6 = 120. Kapena mukhazikeni mmodzi pansi, musanje otsala asanuwo: 5! = 120. Anthu 6 omwewo mukawagawa m'magulu awiri a anthu atatu, 6C3 = 20 ndi yankho lolondola ngati maguluwo ali ndi ntchito zosiyana, lina lokatunga madzi, lina lokatola nkhuni. Akakhala magulu awiri chabe opanda dzina, kusankha ABC n'kusiya DEF n'chimodzimodzi kusankha DEF n'kusiya ABC, ndipo yankho ndi 10.

Mafunso okhala ndi lamulo la malo ali ndi langizo limodzi: yambani ndi bokosi lovuta kwambiri. Mwapatsidwa 0, 1, 2, 3, 4 ndi 5 kuti mupange manambala a madijiti atatu osabwereza. Bokosi loyamba silingalandire 0, choncho lili ndi njira 5. Lachiwiri lilinso ndi 5, chifukwa 0 wabwerera m'gulu, lachitatu 4. Onse ndi 100. Funso likawonjezera kuti nambalayo igawike ndi 2, malamulo awiri akumana pa 0, ndipo muyenera kupatula. Ikathera ndi 0, mabokosi awiri otsala ndi 5 × 4 = 20. Ikathera ndi 2 kapena 4, kumapeto kuli njira 2, koyambirira 4 chifukwa 0 ndi dijiti yakumapeto ija zachoka, pakati 4: 2 × 4 × 4 = 32. Pamodzi ndi 52. Amene sapatula amalemba 3 × 5 × 4 = 60 kapena 3 × 4 × 4 = 48, ndipo onse awiri ndi olakwa.

Anthu 5 akukhala pa benchi, awiri mwa iwo ayenera kukhala moyandikana. Amangeni awiriwo ngati mtolo umodzi. Muli ndi zinthu 4 zoti musanje, 4! = 24, ndipo m'kati mwa mtolomo awiriwo angasinthane, 24 × 2 = 48. Ngati asayandikane, chotsani pa zonse: 120 − 48 = 72.

Koma samalani anthu osafunika kuyandikana akakhala atatu. Anyamata 4 ndi atsikana 3 aime pamzere, pasakhale atsikana awiri ogundana. Wophunzira amene wazolowera kuchotsera amalemba 7! − 5! × 3! = 5,040 − 720 = 4,320. Iye wachotsa mizere yomwe atsikana onse atatu ali pamodzi yokha, koma yomwe awiri agundana wachitatu ali patali yatsalira momwemo. Njira yabwino ndi kuimika kaye anyamatawo, 4! = 24. Pakati pawo ndi m'mbali mwawo mwatseguka mipata 5: umodzi kutsogolo, itatu pakati, umodzi kumbuyo. Mtsikana aliyense alowe mpata wakewake, 5 × 4 × 3 = 60. Yankho ndi 24 × 60 = 1,440, kutalitali ndi 4,320.

Pa kakyuleta, nambala yaikulu imayamba: 11, kenako nCr, kenako 4. Mukatembenuza, imalemba Math ERROR. Makakyuleta ambiri a kusukulu amathera pa 69!, chifukwa 70! amapitirira 1 wotsatiridwa ndi maziro 100, ndipo sakwana. Mukakumana ndi samu ngati 100C2, dinani nCr mwachindunji kapena lembani 100 × 99 ÷ 2 = 4,950, musayambe ndi 100!. Yankho lokhala ndi desimali ndi chizindikiro choti mwagawa ndi nambala yolakwika, chifukwa theka la komiti kulibe. Ndipo kakyuleta ikakhala palibe, makona atatu a manambala otchedwa dzina la Blaise Pascal, omwe akatswiri a ku China monga Yang Hui ankawadziwa zaka mazana angapo iye asanabadwe, amakupatsani nCr aliyense pongophatikiza manambala awiri a mzere wapamwamba. Pa samu yanu, 11C4 = 10C3 + 10C4 = 120 + 210 = 330. Tanthauzo lake ndi looneka: tengani munthu mmodzi mwa 11 aja, makomiti 120 iye alimo, makomiti 210 mulibe.

Chida chomwe ndimachiona chodalirika kuposa zonse ndi kuchepetsa samu mpaka ifike poti mungalembe mayankho onse pamanja. Mukakayikira njira yanu, iyeseni pa manambala ang'onoang'ono. Tengani abambo awiri, A ndi B, amayi awiri, X ndi Y, komiti ya anthu awiri yosasowa bambo. Njira yanu yakale ikupereka 2 × 3 = 6. Lembani makomitiwo: AB, AX, AY, BX, BY. Ndi asanu. Wachisanu ndi chimodzi ndi AB yemwe wabweranso ngati BA. Mphindi imodzi yokha, ndipo cholakwa chaonekera poyera musanachitengere ku manambala akuluakulu.

Kuti muone ngati zakhazikika, bwererani kwa amayi 6 ndi abambo 5 aja, musinthe funso katatu, ndipo muyese nokha musanawerenge mayankho. Koyamba, m'komitimo mukhale abambo osachepera awiri. Magulu munawapeza kale, 150 + 60 + 5 = 215, kapena 330 − 15 − 100. Kachiwiri, komiti ikhale ya lamulo loyamba lija, koma mmodzi mwa anayiwo akhale wapampando. Apa mukusankha kaye, kenako mukupereka udindo, ndiye 315 × 4 = 1,260. Kachitatu, wapampandoyo akhale bambo, enawo atatu akhale aliwonse. Sankhani bambo wa pampando, njira 5, kenako atatu mwa anthu 10 otsala, njira 120. Pa funso limeneli bambo A kukhala wapampando B ali membala n'kosiyanadi ndi B kukhala wapampando A ali membala, choncho palibe chawerengedwa kawiri, ndipo yankho lolondola ndi 600 wanu uja.